Maliro Atakana pa Kacholola

Amuna anga, a Daka, anamwalira Lamulungu masana, akuseka. Sanadwale ngakhale mutu. Tinali titangochoka ku Misa, tili kwathu ku Kabwata mu Lusaka, ndipo ndinali nditaphika mpunga ndi nyama ya mbuzi. Tili pakati pa kudya ndinayamba kuwayerekezera mmene mkulu wa kwaya anakokera nyimbo mpaka mawu kumuthawa pamaso pa ansembe. Anaseka nthuli ili m'kamwa. Ndinangoona agwira pakhosi, maso tong'o, aimirira, mpando uko, iwo pansi khu! Ndinawamenya pamsana, ndinapisa chala kukhosi, ndinakuwa mpaka aneba kudumpha mpanda. Pamene ankawanyamula kupita nawo pa galimoto, mpunga wawo unali ukadali wotentha m'mbale, koma munthu anali atapita kale.

Adokotala anati nthuli inatseka njira ya mpweya, ndipo kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Koma kwathu kuno munthu safa, amachita kuphedwa. Alamu anga a Zelipa, alongo awo aakulu a malemu, anafika pa nyumba ya maliro funso lili kale pamlomo.

"Nyama wakhala akudya chibadwire mlongo wangayu," anatero, akuyang'ana khoma ngati ine palibe. "Bwanji lero? Anaituma ndani nthuliyo kuti ikhote?"

Musaganize kuti a Zelipa ndi munthu wosaona sukulu. Iyayi. Anagwira ntchito mu ofesi mpaka kupuma, ali ndi nyumba ya mpanda ku Woodlands, geti yake yotseguka yokha, ndipo popemphera amakweza mawu kuposa tonse. Ine ndimagulitsa kapenta ndi nyemba pa msika wa Soweto, ndipo wofuna kudziwa za pakamwa panga akafunse anyamata a mawilibala. Likanakhala tsiku wamba, ndikanawayankha a Zelipa mpaka wigi kugwa. Koma namfedwa alibe pakamwa. Amakhala pa matilesi, chitenge kumutu, maso pansi, akafuna madzi amanong'oneza woyandikana naye. Ndinameza mawu anga, koma chomwe chinkaphikidwa ndinachidziwa. Ndikangopunthwa pang'ono, dzina la mfiti yopha mwamuna lindikakamira mpaka kumanda, ndipo mwana wanga Daliso, bambo wa ndevu zake, azidzayamba wanunkhiza mbale ndikamupakulira chakudya.

Achibale anagamula kuti a Daka akagone kwawo, kumudzi kuseri kwa Katete. Ine ndinkafuna manda a mu Lusaka momwemu, koti n'kumangokwera basi imodzi kukazula udzu, koma namfedwa savota. Abwana awo a ku Kabulonga, eni sitolo ya zitsulo komwe malemu ankagwira ntchito, anatibwereka kanta, lole yaing'ono ija, pamodzi ndi dalaiva wake, bambo wofatsa dzina lake a Mwanza. Tinagwirizana zonyamuka kukangocha kuti Luangwa tiwoloke dzuwa lisanakwiye, pakuti unali mwezi wa Okutobala.

Kukangocha kwa mu Lusaka, mayo ine! Kanta inafika dzuwa litakwera kale, chifukwa makiyi anapita m'chikwama cha adona a ku Kabulonga pokasiya ana kusukulu. Itafika, inalibe tenti. Amuna anathamanga kukabwereka ya ku tchalitchi, n'kubwera ndi yong'ambika pakati. Ku mochale tinapeza mzere wa maliro anzathu, banja lililonse ndi nyimbo yake, ndiye tinakhala pansi pa mtengo wa jakaranda kudikira dzina lathu, maluwa akutigwera m'mitu ngati kuti tabwera ku ukwati.

Amene anandisunga pamenepo ndi Bana Mwila, mnzanga wa tebulo loyandikana nalo pa Soweto. Iye ndi Mbemba, ndipo Abemba ndi ife a kum'mawa ndife a chimbuya. Pa maliro athu iwo ndiwo amaphika, amatinyoza, amatithira ufa kumutu, amatukwana ngakhale mtembo womwe, ndipo palibe wololedwa kukwiya. Bana Mwila anali atasiya tomato wake m'manja mwa anthu, n'kumanga kathumba ka ufa m'chiuno.

"Iwe mwana wa odya mbeba, usaope," anandinong'oneza. "Nizakukambilako vonse vamene ufuna kukamba. Iwe khala chabe zii."

Bokosi litatuluka analiika pakati pa kanta, kumbuyo. Ine anandiyalira matilesi kumbali kwake, dzanja langa pa chogwirira. Bana Mwila anakhala pafupi nane, kenako amayi atatu a ku tchalitchi kwathu. Daliso ndi amuna ena anakhala kumchira, pa matumba a ufa ndi kabichi, pafupi ndi chigubu cha dizilo chomwe a Mwanza anagula kwa anthu a m'mbali mwa msewu pofuna kupeputsa mtengo. A Zelipa anakhala kutsogolo ndi adalaiva, mwaulemu wawo.

Tisanatuluke n'komwe m'tauni, alamu anakumbukira kuti aiwala chikwama. Tinakhotera ku Woodlands. Tangoganizani, mtembo kuima panja pa geti, agalu akuuwa m'mipanda, ogwira ntchito m'nyumba akusuzumira, ife tikudikira sutikesi! Anatuluka ndi sutikesiyo, ndi botolo la madzi opempherera. Anawaza matayala, anawaza bokosi, kenako anafika pa mapazi anga n'kukhuthula pafupifupi theka la botolo.

"Ba Zelipa, thilankoni na pa wigi yanu," anatero Bana Mwila. "Viwanda vikonda pofunda!" Alamu asanayankhe n'komwe, iye anali atawapaka kale ufa pamphumi. Anthu anaseka mobisa. Alamu anapukuta nkhope, n'kumenyetsa chitseko.

Msewu wa kum'mawa tinaupeza wodzaza ngati kuti Lusaka yonse ikusamuka. Maminibasi ankatidula kutsogolo, makondakitala akukuwa "Chelstone! Chelstone!", koma akaona bokosi ankavula zisoti n'kutsitsa mawu mpaka titadutsa. Pa thanki ya madzi ya ku Chelstone tinapeza amalume awo a malemu, a Tembo, akutidikira atavala jasi m'kutentha konseko, ndodo m'manja. Iwo ndiwo anali mwini maliro. Sanalowe kutsogolo nthawi yomweyo. Anakwera kumbuyo movutikira, anavula chipewa, n'kugogoda pa bokosi ndi chala, akuitana malemu ndi dzina lawo loyamba.

"Malizani, ndine malume wako. Tikupita nawe kwanu, kwa amako. Usavute panjira, usalemere. Mtsinje uliwonse ndizikuuza, kuti usatsalire kutsidya."

Umu ndi mmene timayendera ndi maliro. Wakufa amauzidwa njira. Ndipo aliyense m'kantamo ankadziwa mbali inayo ya mwambowu, yoti wakufa akakhala ndi chakukhosi amakana, galimoto n'kuima popanda chifukwa. A Zelipa anatulutsa mutu pa windo kuti pasakhale woiwala.

"Ndipo ngati pali chimene ukudziwa, mlongo wanga, utionetse panjira pomwepa."

Bana Mwila ananditsina pantchafu kuti ndisayankhe. Ndinaluma chitenge.

Mpaka ku Chongwe tinkaimba. Titadutsa Chongwe, amalume atauza malemu za mtsinje, nyimbo zinayamba kutha mphamvu, makosi atauma ndi fumbi lolowera pa chibowo cha tenti. Pamene nyimbo zatha pa maliro, nkhani zimayamba, ndipo nkhani zake sizikhala zina koma za imfa.

Mmodzi wa amayi a ku tchalitchi, amai Zulu, anasimba za bambo wina wa ku Chelstone amene anawerama pa siteshoni kuti amange chingwe cha nsapato, osawerukanso. Anzake ankaganiza kuti akufunafuna ndalama yagwa. Basi inabwera, inapita, iye chiweramire.

"Nanga anapeza kuti ndani?" wina anafunsa.

"Mkazi wamng'ono. Anamuthamangitsa ndi zovala za m'thupi zokha."

Bambo wina wa kumchira anati ku Roma, dera lina la mu Lusaka, wolima maluwa anamwa chakumwa cha m'botolo, osadziwa kuti mwalowa njuchi. Inamuluma kukhosi. Pamene abwana ake ankatulutsa galimoto m'geti, munthu anali atatupa n'kutsamwa kale. Mlandu unagwera mkazi wake, poti ndiye anagula chakumwacho. Wina anakumbukira amuna anayi amene ankasewera nsolo pansi pa mtengo, mphezi n'kusankhapo mmodzi, enawo osapsa ngakhale tsitsi, ndipo akuti anaituma ndi amake omubala chifukwa cha nyumba. Bana Mwila naye sanafune kutsalira. Anati pa Soweto pomwepa mayi wina anasuntha masitepe ochepa chabe kufuna mthunzi wa lole, thumba la kabichi n'kugwa kuchokera pamwamba, pakhosi penipeni, chenji chake chikadali m'manja.

"Bapongozi bake benze ku Kasama, kutali uko," anatero Bana Mwila, "koma ni bamene banatuma kabichi. Kabichi yokwela basi!"

Ine ndinkamvetsera pansi pa chitenge, ndikuwerengera mumtima mmene nkhani iliyonse ikuthera. Njuchi, mphezi, chingwe cha nsapato, thumba la kabichi, zonsezi zili ndi abwana ozituma, ndipo abwanawo nthawi zonse amavala chitenge. Amai Zulu anazindikira mochedwa kuti nkhanizi zikugwera pa ine. Anatsokomola n'kunena kuti, "Chakudza sichiimba ng'oma, anzanga," kenako anayambitsa nyimbo ina yomwe palibe anaithandiza.

Ku Rufunsa apolisi anasuzumira, ataona bokosi anatipepesa n'kutiuza kuti tipite. M'mapiri a Manenekela kanta inkabuula ngati nkhalamba yosenza mtolo, ndipo m'maphompho tinkaona mafupa a malole amene analephera kukhota. Pa Luangwa tinafika dzuwa lili paliwombo, kutentha kochita kununkha. Anthu anatsika kukagula nsomba zouma ndi madzi. Ine pofuna kupita kuseri anachita kundiperekeza amayi awiri, wina uku wina uku, ngati mkaidi. Amayi a pa Soweto anali atatikazingira nkhuku ya panjira, koma a Zelipa asanaigwire anafunsa kawiri kuti waphika ndani. Atamva kuti dzanja langa silinafikepo, anadya, n'kuwonjezera nsomba ziwiri zokazinga. Ine Bana Mwila anandipatsa nthochi. Nyama sindinkatha ngakhale kuiyang'ana.

A Mwanza anakhuthulira dizilo ya m'chigubu ija m'thanki, tinakwera, ndipo pakati pa mlatho amalume anatulutsa mutu pa windo. "Malizani, Luangwa uyu! Tikuwoloka. Tiye nafe."

Tinakwera mapiri a kutsidya pang'onopang'ono. Titatsala pang'ono kufika pa Kacholola, pa chitunda china chachitali, pamwamba pake pakuoneka apo, kanta inatsokomola. Inatsokomolanso, inagwedezeka, n'kuzima. Amuna analumpha kukaika miyala ku matayala. Kunali zii, kupatula nyenje m'tchire.

Palibe amene anandiyang'ana, ndipo ndi mmene ndinadziwira kuti onse akuganiza za ine.

A Mwanza anayesa kuliza. Inakana. Anayesanso, inakananso. Anapempha alamu ndi amalume kuti atsike, anapendeketsa mutu wa kanta, n'kuyamba kumasula zitsulo. Magalimoto ankadutsa, ena kuchepetsa liwiro kuti aone bwino, koma woima panalibe. Dzuwa linkalowa pa chibowo cha tenti n'kugwera pa bokosi penipeni, ndiye ndinavula chitenge changa chachiwiri n'kuphimbapo. Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa kanta unayamba kutalika. Madzi anatha. Wina anatchula zoti mtembo sugwirizana ndi dzuwa lotere, wina n'kumukalipira.

Amalume anakweranso kumbuyo, chipewa m'manja. Anagogoda. Anamukumbutsa Malizani kuti amake akumudikira, kuti manda akumbidwa kale, kuti ana a anthu avutika ndi ludzu. A Mwanza analiza. Inakana.

"Amalume, mukumufunsanji?" anatero a Zelipa. Anali atakwera nawo kumbuyo, ataima pamwamba panga, manja m'chiuno. "Wayankha kale. Sakufuna kuyenda ndi amene anamudyetsa. Atsike uyu, muone ngati siilira."

"Ba Zelipa, mwina ni imwe mwalemela na nsomba," anayesa Bana Mwila, koma nthawi ino palibe anaseka. Ngakhale chimbuya chili ndi pothera pake.

Amalume anandiyandikira, mawu awo ofewa ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala. "Amake Daliso, tsikani pang'ono chabe, muime apo pa mthunzi. Tingoyesa. Ngati mtima wanu uli woyera, mukuopa chiyani?"

Ndinkaopa chinthu chimodzi, ndipo ndinkachiona ndi maso anga kudzera pa chibowo cha tenti. A Mwanza anali atachotsa kachitini kena, atakatsuka, atakapemerera, akukabwezera pamalo pake. Galimoto imene ikukonzedwa imalira ndithu nthawi ina. Ikalira mapazi anga ali pa phula, basi, mlandu watha. Palibe dokotala, palibe wansembe amene akanandichotsa dzinalo. Akanandisiya pa Kacholola ndi kachikwama kanga, amuna anga n'kukaikidwa ine kulibe, ndipo nkhani yanga ikanalowa m'gulu la njuchi ndi kabichi, yosimbidwa pa maliro a anthu ena nyimbo zikatha.

Ndinapukusa mutu pansi pa chitenge.

Kenako ndinamva mawu a Daliso, mwana amene ndinamubereka pamsana ndikugulitsa kapenta pa dzuwa. "Amama, selukani chabe, nkhani isile. Adadi bali pa dzuwa."

Apo ndiye china chake chinaduka mwa ine. Ndinachotsa chitenge kumutu. Amai Zulu anagwira pakamwa, pakuti namfedwa saonetsa nkhope mwamuna asanalowe m'manda.

"Sinditsika," ndinatero, ndi mawu anga a pa Soweto, aja amamveka kuchokera ku kapenta mpaka ku makala. "Ndinakwera ndi amuna anga ku Lusaka, ndikatsika nawo ku Katete. Mukufuna nditsike pano? Tsitsani ndi bokosi lomwe, mutisiye awiri pamsewu, inu muzipita mukalire dzenje!"

"Mwamumva?" a Zelipa anatembenukira anthu. "Namfedwa wanji wolankhula chonchi?"

"Namfedwa amene mwamuna anamufera m'manja! Inu munali kuti, alamu, pamene ine ndinkapisa chala kukhosi kwake? Munali kuseri kwa geti yanu. Chaka chatha chonse simunaponde pa Kabwata, lero ndinu odziwa zonse zimene zinali m'poto mwanga?"

Amalume anakweza ndodo kuti nditonthole, koma ng'ombe inali itathyola kale khola. Ndinatembenukira bokosi, n'kulimenya ndi chikhatho, osati kugogoda kwaulemu kuja.

"A Daka! Atate ake Daliso! Ndine, mkazi wanu. Ndakuchapirani, ndakuphikirani, ndakudikirani usiku mukuchedwa ku mpira. Mwandisiya osanena ngakhale tsala bwino, manje mukufuna kundichititsanso manyazi pamsewu? Ngati ndine ndinakuphani, kanani aone onse. Ngati si ine, tiyeni! A Mwanza, lizani galimoto!"

A Mwanza anali atabwezera mutu wa kanta pamalo pake. Anandiyang'ana momvetsa chisoni. "Amai, yembekezani pang'ono, batile..."

"Ndati lizani!"

Anapotokola kiyi. Inati kwe, kwe, kwe, mofooka ngati nkhuku yodwala chitopa. Kenako zii.

Iii, abale! A Zelipa anakweza manja kumwamba, "Mwayankha, Ambuye, mwayankha!" Amai Zulu anasuntha pang'ono kuchoka pafupi nane, akumayerekeza kukonza chitenge. Daliso anandifulatira n'kuyang'ana kutchire. Ndinadzitukwana mumtima chifukwa cha pakamwa pangapa, poti msampha ndinautchera ndekha n'kupondapo ndekha. Ndinachita mantha, sindinama. Koma ndinalowetsa mkono wonse m'chogwirira cha bokosi mpaka m'chigongono.

Alamu anandigwira dzanja linalo n'kuyamba kukoka. "Tsika! Wakukana pamaso pa anthu, ukufunanso chiyani?"

"Dulani mkonowu, alamu. Mukauike naye pamodzi."

"Amuna inu, mwangoima? Mtsitseni!"

Palibe mwamuna amene anasuntha. Mwambo wawo womwewo umati mkazi wofedwa asanasambitsidwe sagwiridwa ndi mwamuna, ali ndi mzimu wa malemu pathupi. Onse anaika manja kumbuyo, amalume omwe. A Zelipa anakoka okha mpaka thukuta kutsika pansi pa wigi, koma munthu wonyamula matumba a nyemba tsiku ndi tsiku sakokedwa ndi munthu wa mu ofesi.

Ndi a Mwanza amene anadula mkanganowo, osati chifukwa chondimvera chisoni, koma chifukwa choopa kugona m'phiri ndi mtembo. "Bakulu, dizilo yenze na dothi, manje yayamba kuyenda. Koma batile yasila na kuliza-liza. Ifunika kukankha. Selukani bonse, na bazimai bonse, tiifikitse pamwamba apo, ikayamba kutsetseleka izalila."

"Nanga uyu?" anafunsa a Zelipa, akundiloza ndi mlomo.

"Musiyeni, mayi, sitigona pano ife," anayankha bambo wa nkhani ya njuchi uja, atatopa nazo.

Anatsika onse. Amayi a ku tchalitchi anamanga zitenge m'chiuno, amalume anavula jasi n'kuika phewa ku chitsulo, Daliso pakati pawo. A Zelipa okha anakaima pa mthunzi, manja atapinda. "Ine sindikankha mfiti," anatero.

Anachotsa miyala. Kanta inabwerera m'mbuyo pang'ono, anthu anakuwa, kenako inayamba kukwera, mapazi akukhwekhwereza pa phula. Bana Mwila anayambitsa nyimbo ya Chibemba yotukwana odya mbewa kuti alibe mphamvu, ndipo mkwiyo unawapatsa mphamvuzo. Tinafika pamwamba. Matayala anayamba kuthamanga okha, manja a anthu anatsalira m'mbuyo. Kanta inadumpha kamodzi, mutu wanga n'kugunda bokosi. Inadumphanso. Kenako utsi wakuda bo! Injini inabangula phiri lonse kumva.

A Mwanza sanayerekeze kuima pa chitsetserekocho. Anatsika nayo mpaka kuseri kwa khona, pamalo athyathyathya, anthu onse osaonekanso. Kumbuyo kwa kanta kunatsala anthu awiri, ine ndi a Daka. Chimwalirire chawo, aka kanali koyamba kutisiya tokha. Ndinatsamiritsa chipumi pa bokosi lotenthalo.

"Mwachedwa, atate ake Daliso," ndinawauza. "Mpaka mtima wanga ufike m'khosi?"

Anayamba kutulukira pa khona mmodzimmodzi, akupuma wefuwefu, malaya atanyowa. Anafika pa kanta n'kuima, palibe wogwira chitsulo. Onse anali ataona chimene chachitika, ndipo onse ankadziwa tanthauzo lake pa mlandu umene anauyambitsa okha. Ine ndimagulitsa kapenta koma sindine chitsiru. Ndinkadziwa kuti ndi dizilo ya m'chigubu ndi batire. Koma bwalo analitsegula ndi iwo, ndiye ndinati lithe bwino.

"Yalira ndili ndekha ndi amuna anga, inu nonse muli pansi," ndinatero. "Manje kwerani mmodzimmodzi. Amene izime akapondapo, timudziwe."

Daliso ndiye anayamba. Sanapite kumchira kumatumba kuja. Anabwera n'kugwada pa matilesi anga, maso pansi, n'kunena kuti, "Amama." Ndinamusiya agwade pang'ono, kenako ndinamusunthira malo. Bana Mwila anakwera chovina, akupukusa chiuno pa sitepe kuti injini imuone bwino. Amayi a ku tchalitchi anakwera akudzilemba mtanda. Amalume anatsokomola, anayang'ana kumwamba, n'kulowa kutsogolo mwakachetechete, jasi pamkono.

A Zelipa anafika pomalizira, poti ndiwo anatsalira kutali, nsapato m'manja, mapazi akupsa ndi phula. Wina anali atawanong'oneza kale zimene ndanena. Anagwira chitseko. Injini ya kanta yakale simayenda mofanana, imati du-du-du kenako n'kutsika ngati ikufuna kufa, ndipo inatsika nthawi yomweyo. Alamu anachotsa dzanja ngati agwira mbaula. Injini inadzukanso. Anaika phazi limodzi pa sitepe, linalo pansi, n'kuuma pomwepo, milomo ikuyenda, anthu onse atasuzumira m'mbali mwa tenti. Mayi wophunzira, wa geti yotseguka yokha, ankanjenjemera pamaso pa dizilo ya m'chigubu. Tsopano anadziwa mmene zimamvekera moyo wako wonse ukapachikidwa pa kiyi wa galimoto.

Sindinawapatse dzanja, ndipo sindinawaletse.

"Kwerani, alamu," ndinatero. "Ngati mtima wanu uli woyera, mukuopa chiyani?"

Anakwera atatseka maso. Injini sinazime.

Nyimba, Petauke, Sinda mpaka Katete, palibe amene anatchulanso za nthuli. Mawa lake kumanda ndinaponya dothi langa poyamba, monga mkazi wa munthu, a Zelipa akudikira kumbuyo kwanga. Koma zimenezo n'za mawa lake. Pa Kacholola pomwepo, kanta itangoyamba kuyenda, ndinakokera chitenge changa kumutu, ndinakumbatira bokosi, n'kulira mokuwa mpaka amai Zulu kusiya nyimbo. Kuyambira Lamulungu lija ndinali pa ntchito yolondera dzina langa, ndipo amuna anga ndinali ndisanawalire.